Timizere tadzadza, mpira sukuoneka: chimene chimachitikira netiweki ya ku Tete pa tsiku la masewero

Usiku wa pa 22 Januwale 2024 tinapanikizana m'baraka ina, kanyumba kogulitsiramo zakumwa, pafupi ndi msika ku Ulongué, nsapato zili matope okhaokha, kuonera Mambas, timu ya dziko lathu la Mozambique, ikulimbana ndi Ghana pa mpikisano wa matimu a mu Africa ku Côte d'Ivoire. Ghana inali ikutsogola ndi zigoli ziwiri, zonse za penate ya Jordan Ayew, ndipo ena anali atayamba kufunafuna maambulera awo kuti azipita. Kutatsala mphindi zochepa mphezi inang'anima, magetsi n'kuthima. Mu mdimamo aliyense anapisa m'thumba, nkhope zonse n'kuwala ndi mafoni.

"Achimwene, kwanuko yagwira?"

"Ayi ndithu, ikungozungulira."

Pa foni yanga timizere tonse tinali todzadza, chilembo cha 4G chili pomwepo, mamega ndinali nditagula masana omwewo. Koma kanema sanasunthe. Amene anatipulumutsa ndi malume anga, omwe sayenda opanda kawailesi ka mabatire m'thumba la jekete. "Mphwanga, siya kafoniko, sendera kuno! Catamo wamwetsa penate!" Tinaunjikana mitu pamodzi, ndipo chigoli cha mutu cha Reinildo, chimene chinafananitsa mphamvu 2 kwa 2, tinachimva ndi makutu. Ndinadzachiona ndi maso m'mawa mwake, anthu atabalalika, foni yomweyo ikuthamanga ngati palibe chinachitika.

Kuyambira usiku umenewo ndakhala ndikufunsafunsa kwa anyamata amene amakwera nsanja, ndipo zimene ndinamva ndi zimene ndikufuna ndikufotokozereni. Mutu wake ndi umodzi: kufika kwa netiweki pamalo ndi chinthu china, kukwanira kwake ndi chinthu chinanso. Makampani amatiuza za choyambacho. Mpira umatiululira chachiwiricho.

Timizere timanena za mtunda, osati za kuchuluka kwa anthu

Timizere ta pakona ya foni timangokuuzani kuti foni yanu ikumva bwanji mawu a nsanja, imene kuno ambiri timaitcha antena. Sitinena kuti pa nsanjapo pali anthu angati. Zili ngati mjigo wa m'mudzi. Mukhoza kukhala nyumba yoyandikana nawo kwambiri, mukumva ndi kulira kwa chitsulo chake, koma ngati pali zidebe makumi asanu pa mzere, kuyandikira kwanuko sikukupatsani madzi msanga.

Nsanja zambiri zimagawidwa mbali zitatu, mbali iliyonse kuyang'ana chigawo chake cha mudzi kapena tauni. Mbali iliyonse ili ndi muyezo wa katundu amene ingathe kunyamula pa sekondi imodzi, ndipo onse amene ali kumbali imeneyo amagawana muyezo womwewo. Tiyeni tingoyerekeza kuti mbali ina ikutha kupereka mamegabiti 30 pa sekondi. Mpira wooneka bwino pang'ono pa foni umafuna mamegabiti ngati 1.5 pa sekondi, osalekeza. Ndiye kuti anthu 20 akwanira. Wa nambala 21 akalowa, sikuti iye yekha ndiye amakanidwa ayi, onse amachepetseredwa, kanema n'kuyamba kudukaduka kwa aliyense. M'baraka muja tinalimo oposa makumi anayi, ndipo mabaraka ena onse a mumsewu umenewo anali mu mdima womwewo, akuyang'ana nsanja yomweyo.

Masiku wamba vutoli limabisika chifukwa sitifuna zinthu nthawi imodzi. Wina akutumiza uthenga pa WhatsApp, wina akuyang'ana mtengo wa feteleza, wina foni ili m'thumba. Uthenga umadutsa m'kuphethira kwa diso n'kusiyira mnzake malo. Mpira suli choncho. Umagwira njira kwa mphindi 90 ndi zoonjezera, ndipo onse amaufuna pa mphindi imodzimodziyo. Palibe amene angati ndidzaonera penateyo mawa.

Pali kanthu kenanso kamene ambiri sadziwa. Munthu amene ali kutali ndi nsanja, kapena ali m'nyumba ya makoma ochindikala ndi denga la malata, amadya gawo lalikulu la nsanjayo kuposa amene ali pafupi, ngakhale onse akuonera chinthu chimodzi. Nsanja imayenera kumulankhula pang'onopang'ono ndi kubwerezabwereza, monga timachitira ndi agogo amene makutu anayamba kugontha. Choncho nsanja imodzi imene yapatsidwa dera lalikulu imatopa msanga kuposa mmene chiwerengero cha anthu chingasonyezere.

Ng'oma ndi wenzulo

Mafunde amene amanyamula mawu ndi zithunzi sali amtundu umodzi. Aliyense amene anakulira ku Angónia kapena ku Macanga akudziwa kuti ng'oma ya gule ikamalira usiku imamveka kutsidya la phiri, pamene wenzulo ya oyimbira mpira, ngakhale ili yakuthwa chotani, imathera pa dambo lomwelo. Mafunde apansi, monga a 800 ndi 900 MHz, ali ngati ng'oma: amapita kutali, amalowa m'nyumba, amapirira mitengo. Koma njira yake ndi yopapatiza, sinyamula zambiri. Mafunde apamwamba, a 1800, 2100, 2600, mpaka a m'ma 3500 MHz amene 5G imakonda, amanyamula katundu wambiri koma amafooka msanga.

Mafundewa ndi chuma cha dziko, ndipo amene amagawa ndi INCM, bungwe la boma loyang'anira za mafoni ndi mauthenga. Mu 2018 bungweli linagulitsa pa mpikisano mafunde a 800 MHz, amene kale m'mayiko ambiri ankagwiritsidwa ntchito ndi wailesi za kanema, ndipo 4G inayamba kufalikira m'dziko muno m'zaka za 2018 ndi 2019. Kwa chigawo chonga chathu, chachikulu pafupifupi makilomita 100,000 m'bwalo lake, chimene kalembera wa 2017 anapeza kuti muli anthu oposa 2.6 miliyoni omwazikana kuchokera ku Zumbo mpaka ku Mutarara, mafunde a ng'omawa ndiye okhawo angafikitse intaneti kumidzi popanda kumanga nsanja pa phiri lililonse. Vuto limabwera pamene tauni imene ikukula, ngati Ulongué kapena Furancungo, yasiyidwa ndi mafunde a ng'oma okhaokha. Pa mapu a kampani dera lonselo amalipaka utoto kuti lafikiridwa, ndipo sakunama. Koma Lamulungu masana simungatsegule kanthu.

Mapiri athu nawo ali ndi mbali yawo. Mafunde sakhota bwino. Mudzi umene uli kuseri kwa phiri la Domue ukhoza kukhala pafupi ndi nsanja kuposa wina wa pachidikha, koma n'kukhala mu mthunzi. N'chifukwa chake m'midzi yambiri muli chulu kapena mtengo wodziwika, pamene udzu unafa ndi mapazi a anthu okaimba foni.

Makampani atatu ndi mbiri yawo mwachidule

Foni zam'manja zinayamba mu 1997 ndi mcel, imene pambuyo pake inaphatikizana ndi TDM, kampani ya boma ya mafoni a m'nyumba, n'kukhala Tmcel, ya manambala oyamba ndi 82 ndi 83. Vodacom, ya 84 ndi 85, inabwera mu 2003. Movitel, ya 86 ndi 87, imene muli dzanja la kampani ya ku Vietnam ya Viettel, inayamba mu 2012 ndipo inadziwika chifukwa choyambira kumidzi, kuimika mitengo ya chingwe m'misewu ya fumbi kumene ena sankafika. Akuluakulu ambiri a ku Tsangano ndi Chifunde amakumbukira chaka chimenecho ngati chaka chimene anasiya kukwera njinga kukasaka netiweki. Vodacom inatsegula 5G mu 2023 m'malo owerengeka a m'mizinda ikuluikulu, ndipo chaka chomwecho Starlink, ya intaneti yochokera ku masetilaiti, inayamba kugwira ntchito ku Mozambique.

Za 5G ndinene maganizo anga poyera. Ndi chinthu chabwino pa malo odzadza anthu, ndipo bwalo la mpira ndi amodzi mwa malo amene ingathandizedi. Koma imafuna foni yatsopano ya mtengo wokwera, ndipo nsanja yake imafika pafupi. Kwa mayi wogulitsa mbatatesi ku Biri-Biri amene ali ndi foni ya mabatani, chimene chingasinthe moyo wake ndi nsanja yachiwiri ya 4G ndi batire losatha msanga, osati nambala yatsopano patsogolo pa chilembo cha G.

Mlatho umene suoneka

Apa ndi pamene ndikufuna tichedwepo, chifukwa ndi pamene pamabisala vuto lalikulu. Nsanja payokha ilibe mpira m'kati mwake. Iyenera kulumikizidwa ku likulu la kampani, ndipo kuchoka kumeneko ku dziko lonse. Kulumikizaku kumachitika ndi chingwe cha faiba, chokwiriridwa pansi kapena chopachikidwa pa mitengo, kapena ndi timbale toyera tozungulira timene mumationa pa nsanja, totumizirana mafunde kuchoka pa nsanja ina kupita pa ina. Timbaleti timafuna kuonana maso ndi maso, timanyamula zochepa kuposa faiba, ndipo mvula yamphamvu imatifooketsa. Nthawi zambiri kumidzi nsanja zingapo zimalumikizana ngati mikanda pa ulusi umodzi, moti ya kumapeto imadalira zinzake zonse. Imodzi yapakati ikagwa, zotsatira zake zonse zimakhala chete.

Amene anayendapo ku Tete chaka cha 2014 chisanafike akukumbukira mizere ya malole pa mlatho wa Samora Machel. Msewu wochokera ku Zóbuè unalipo, wopita ku Cuchamano unalipo, koma zonse zinkayenera kudutsa pa mlatho umodzi wa pa Zambezi, mpaka pamene anatsegula wa Kassuende. Netiweki ilinso ndi milatho yake. Kampani ikhoza kusintha zida za pamwamba pa nsanja, foni yanu n'kuyamba kulemba 4G, koma ngati kumbuyo kwake kukadali kambale kakale komweko, angokulitsa msewu n'kusiya mlatho wopapatiza.

Ndipo ulendo wa chithunzi cha mpira ndi wautali. Masewero a matimu a ku Portugal, Benfica, Sporting kapena Porto, amene amagawanitsa mabanja kuno kuyambira masiku a Eusébio, amadutsa pansi pa nyanja. Zingwe za SEACOM ndi EASSy zinafika ku Maputo mu 2009 ndi 2010, ndipo chingwe chatsopano cha 2Africa chinatulukiranso ku Nacala, kumpoto. Kuchoka ku Maputo kufika ku Tete ndi makilomita oposa 1,500 a pamtunda, ndipo kuchoka ku Tete kukwera ku Ulongué ndi enanso oposa 200. Pa mtunda wonsewo chingwe chikhoza kudulidwa ndi thalakitala yokonza msewu, moto wolusa wa m'chilimwe, madzi osefukira, kapena munthu woganiza kuti muli kopa wogulitsa, chonsecho faiba ndi galasi chabe. Mu Meyi 2024 zingwe za SEACOM ndi EASSy zija zitaduka, intaneti inafooka kwa masiku angapo ku Mozambique, Malawi, Tanzania ndi mayiko ena a kum'mawa kwa Africa. Nsanja zathu zinali zilibe vuto lililonse, timizere tinali todzadza.

Utali wa ulendowu, pamodzi ndi chizolowezi cha foni chosunga kaye masekondi angapo a kanema isanaonetse, ndi chimene chimachititsa kuti woonera pa intaneti akhale kumbuyo kwa womvera wailesi, nthawi zina ndi theka la mphindi kapena kuposa. Mukamva kwa aneba akukuwa inu mpira ukadali pakati pa bwalo, foni yanu sinaonongeke.

Magetsi

Nsanja imadya magetsi usana ndi usiku. Akathima imatembenukira ku mabatire, amene amaigwira maola ochepa, kenako ku jenereta ngati ilipo ndipo muli dizilo. Za kutali kwambiri zimadalira dzuwa, ndipo mitambo ikakhala masiku atatu, monga zimachitikira ku Angónia mu Januwale ndi Febuluwale, zimazima usiku. Mu mzinda wa Tete mdani ndi wina: kutentha kopitirira madigiri 40 mu Okutobala ndi Novembala kumakalambitsa mabatire msanga. Kuba mabatire ndi mafuta kumawonjezera pa zonsezi, ndipo wakubayo amabera mudzi wake womwe.

Zimandipweteka kuti izi zikuchitika m'chigawo cha Cahora Bassa, damu lotha kupanga mamegawati 2,075, limene gawo lalikulu la magetsi ake limayenda makilomita pafupifupi 1,400 kupita ku South Africa. Kugulitsa magetsi kunja si tchimo, dziko limapeza ndalama. Koma nsanja ya ku Fingoé kapena ku Chiúta siyenera kugona mu mdima m'chigawo chotere.

Songo, kumene anthu amasonkhana pamodzi

Tauni ya Songo, pamwamba pa damu lomwelo, ndi kwawo kwa União Desportiva do Songo, timu imene inatenga chikho cha Moçambola, ligi yaikulu ya dziko lino, mu 2017, 2018 ndi 2022, n'kuonetsa matimu a ku Maputo kuti mpira ulinso kuno. Mu mzinda wa Tete anthu ali ndi Chingale yawo. Tsiku la masewero akuluakulu, machapa, maminibasi a kuno, amatsitsa anthu ochokera ku Chitima, Moatize ndi kwina, ndipo tauni yaing'ono imalandira khamu limene nsanja zake sizinamangidwire.

Pa bwalo vuto limatembenuka. Anthu ali pamenepo safuna kulandira mpira, akuuona kale. Akufuna kutumiza: kavidiyo ka chigoli, chithunzi cha pa WhatsApp, kuonetsa abale pa Facebook nthawi yomweyo. Koma netiweki inamangidwa ndi njira yotakata yobweretsera zinthu ndi njira yopapatiza yotumizira, chifukwa masiku onse timalandira zambiri kuposa zimene timatumiza. Chigoli chikalowa, mafoni mazanamazana amathamangira pa khomo laling'onolo nthawi imodzi. Ngakhale foni imene ili m'thumba imakhala ikulankhula ndi nsanja mwakachetechete, ndipo matupi a anthu othithikana nawonso amamwa mafunde. Mankhwala ake amadziwika: tinsanja ting'onoting'ono tozungulira bwalo, kapena nsanja yokokedwa ndi galimoto imene amaibweretsa tsiku la khamu n'kuichotsa mawa lake. Zonsezi zimafuna kuti wina ayang'ane kalendala ya Moçambola n'kukonzekera, monga amachitira ogulitsa zakumwa.

Ndionjezepo za kubetcha, kumene kwalowa kwambiri mwa anyamata athu. Sindikukondwera nako, ndaona njinga zamoto zikugulitsidwa chifukwa cha iko. Koma pa nkhani ya netiweki, ndi katundu winanso wa pa ola lomwelo, chifukwa obetcha amatsegula foni mphindi iliyonse kuona zotsatira ndi kutumiza ndalama.

Ife a m'malire

Kuchokera ku Calómuè kutsika ku Lizulu ndi Biri-Biri, msewu waukulu wa ku Malawi umayenda m'malire penipeni, msika umodzi mayiko awiri. Mafunde sadziwa chipilala cha malire. Foni ikaona kuti nsanja ya TNM kapena Airtel ikumveka kwambiri kuposa ya kwathu, ikhoza kudumphira kumeneko yokha ngati SIM yanu ili yololedwa kuyendera kunja, ndipo kredito imatha ngati madzi a m'dengu, inu muli khale pakhonde panu. Njira yodzitetezera ndi kulowa m'makonzedwe a foni, kuchotsa kusankha kwa yokha, n'kuisankhira netiweki ndi dzanja. Ambiri kuno amangoyenda ndi foni ya ma SIM awiri, ina ya +258 ina ya +265, ndipo Loweruka amatsatira Bullets ndi Wanderers pa imodzi, Lamulungu Songo pa inayo.

Kuti mayiko asasokonezane, makampani amapendeketsa zida za nsanja za m'malire kapena kuzichepetsa mphamvu. Zotsatira zake n'zakuti midzi ya m'malire, imene ili ndi malonda ambiri ndi anthu ambiri, nthawi zina ndiyo imakhala ndi netiweki yofooka kuchokera mbali zonse ziwiri. Nkhani imeneyi singathe ndi kampani imodzi, imafuna INCM ndi anzawo a MACRA ku Malawi akhale pansi.

Mamega ndi foni ya m'manja mwanu

Tibwerere ku masamu aja. Mamegabiti 8 ndiwo amapanga mega imodzi ya zimene timagula. Pa mamegabiti 1.5 pa sekondi, masewero a mphindi 105, kuphatikiza nthawi yopuma, amadya mamega pafupifupi 1,200. Mukafuna chithunzi chowala kwambiri, konzani kawiri kapena katatu. Kumvera masewero omwewo pa wailesi ya pa intaneti kumadya mamega ngati 50 okha. Kutsitsa kawalidwe ka kanema kumapulumutsa thumba lanu, komanso kumasiyira malo anzanu a pa mjigo womwewo. Ndipo mtengo si nkhani yaing'ono: mu Meyi 2024 mitengo yatsopano ya mafoni ndi intaneti italengezedwa, ophunzira anayenda m'misewu ya Maputo mpaka boma linaiimitsa.

Onaninso foni yeniyeniyo. Mafoni ena otchipa kapena ogwiritsidwapo kale ntchito kunja amalembedwa 4G koma samva mafunde a 800 MHz, ndiye kumudzi amagwera ku 3G kapena 2G pamene ya mnzanu ikuthamanga. SIM yakale kwambiri nayo imafunika kukaisinthitsa, mutatenga BI yanu, chitupa cha unzika.

Chifukwa chake ndikulimbikira

Wina anganene kuti ndi mpira chabe. Koma nsanja imene inalephera usiku wa Ghana ndi yomweyo imene imanyamula M-Pesa, e-Mola ndi mKesh, njira zotumizira ndalama pa foni. Ndi yomweyo imene mlimi amadikira kuti amve ngati lole ya mbatatesi yafika ku Tete, yomweyo namwino wa kumudzi amaitanira ambulansi. Ola la mpira ndilo ola lokhalo limene timadziwiratu kuti anthu onse adzafuna netiweki pamodzi. Maola ena otere amabwera osagogoda. Mu Januwale 2022 namondwe Ana atagwetsa mlatho wa pa Revúbuè pakati pa Tete ndi Moatize, aliyense anali pa foni nthawi imodzi kufunafuna abale ake, magetsi atathima, mvula ikugwa. Netiweki imene singapirire penate ya Catamo singapirire usiku ngati umenewo.

Dziko lili ndi thumba la ndalama lothandizira kufikitsa mauthenga kumene makampani saonako phindu, lotchedwa Fundo do Serviço de Acesso Universal, limene makampaniwo amasonkhamo. Pempho langa kwa oyendetsa thumbali, kwa INCM ndi kwa makampani onse atatu ndi ili: poyeza netiweki ya chigawo chino musabwere Lachiwiri m'mawa anthu ali kumunda. Bwerani Lamulungu masana pa bwalo la ku Songo, bwerani usiku wa Benfica ndi Sporting pa msika wa Ulongué, ku Zóbuè ndi ku Furancungo, ndipo mubwerenso mu Febuluwale magetsi atathima maola asanu. Zimene mupeze muzilembe boma ndi boma, m'Chipwitikizi, m'Chinyungwe ndi m'Chichewa, muziwerenge pa wailesi za m'madera, kuti munthu asanagule SIM adziwe nsanja imene ili ndi faiba kumbuyo kwake ndi maola amene mabatire ake amapirira.